Mmene mungazindikirire matenda a myelofibrosis ndi zoyenera kuchita

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, makamaka a m'chiuno, a msana ndi a pachifuwa. Matenda a myelofibrosis amayamba pamene maselo opanga magazi asokonekera, ndipo m'kupita kwa zaka mafutawo amadzaza zipsera zolimba mpaka kulephera ntchito yake. Madokotala amawaika m'gulu la khansa za m'magazi. Sapatsirana, ndi osowa, ndipo amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50.

Muziona zizindikiro zake pamodzi, osati chimodzichimodzi. Munthu amafooka, amachita phuma ngakhale pokwera kamtunda kochepa, zikhatho zake zimayera, amawonda ndiponso amatuluka thukuta lambiri usiku. Chachikulu ndi kutupa kwa kapamba, chifukwa mafupa akalephera, kapamba ndi chiwindi zimayamba kupanga magazi m'malo mwake. Wodwala amamva kulemera kumanzere, kunsi kwa nthiti, ndipo amakhuta atangodya mbamu zochepa za nsima, popeza kapambayo amapanikiza chifu.

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi malungo, likodzo, chifuwa chachikulu ndi HIV, choncho achipatala salakwa akayamba kuyeza zimenezo. Chosayenera ndi kumangobwereza mankhwala a malungo kapena owonjezera magazi ogula kugolosale pamene munthu sakusintha. Zikatero, pitani kuchipatala chachikulu cha boma lanu ndi kabuku kanu ka kuchipatala, ngakhale kakale kong'ambika, kuti dokotala aone mmene magazi akhala akutsikira, ndipo pemphani kuti ayeze mitundu yonse ya maselo a m'magazi. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, maselo ofiira a wodwala matendawa nthawi zambiri amaoneka ngati dontho la msozi.

Kutsimikiza kwenikweni kumafuna kuti atenge kachidutswa ka mafuta a m'fupa la kumbuyo kwa chiuno, atabaya kaye jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo apa ndi pamene mungatumizidwe ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Odwala oposa theka amapezeka ndi kusintha kwa jini (kachigawo ka malangizo a m'kati mwa maselo) yotchedwa JAK2, kumene kunadziwika mu 2005. Kusinthaku kumachitika munthu atabadwa kale, sakutengera kwa makolo.

Chithandizo chimatengera mmene matenda afikira. Ena amangowayeza pafupipafupi, ena amawaika magazi, ena amapatsidwa hydroxyurea kuti kapamba aphwe. Mankhwala a ruxolitinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2011, amachepetsa kutupa ndi thukuta koma ndi okwera mtengo. Njira yokhayo yochiza ndi kuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina, ndipo ndi yoopsa kwa okalamba. Musamwe asipulini kapena bulufeni dokotala asanalole, chifukwa magazi a odwala ena sachedwa kutuluka, ndipo mukaona kamfuno wosasiya, chimbudzi chakuda, kutentha thupi kapena ululu wadzidzidzi kumanzere kwa mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.