Kafukufuku wa chaka chonse pa fulashi imodzi

Masabata atatu apitawa, anthu amene akugogoda pa ofesi yathu ya za makompyuta akubwera ndi nkhope imodzimodzi. Wina wanyamula laputopu imene yakana kuyaka, wina fulashi imene kompyuta ikumuuza kuti aifomate kaye, winanso ali chimanjamanja chifukwa chikwama chonse chapita ndi akuba. Ino ndi nyengo yopereka malipoti a kafukufuku, ndipo aliyense ndimamufunsa funso lomwelo: kope lina la ntchitoyi lili kuti? Ambiri amangoyang'ana pansi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aliyense wa anthu amenewa yunivesite inamupatsa malo osungira mafayilo pa intaneti tsiku lomwe analandira imelo ya pasukulu. Tikatsegula malowo timapeza ali pululu, kapena muli kalata imodzi yofunsira malo ogona ya chaka choyamba.

Tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri, chifukwa ambiri mumazisakaniza. Chaputala chimene mwalemba chikatayika, mulira, mugona mochedwa masiku khumi, koma mulembanso poti mfundo zake zili m'mutu mwanu. Zimene munatolera kwa anthu kapena m'labu n'zina. Mawu amene munajambula pocheza ndi anthu 60 sali m'mutu mwanu. Miyezo ya mbewu imene munkalemba sabata ndi sabata inatha ndi nyengo yake, ndipo nyengo ina ibwera ndi mvula ina. Magazi kapena dothi limene munapima linathera m'makina. Kuti mubwerere, mufunika ndalama zimene okuthandizani anapereka kale ndipo sangaperekenso, mufunikanso chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, chimene kawirikawiri chimakhala ndi tsiku lothera. Mapeto ake anzanu akuvala gauni inu mukulembabe makalata opempha nthawi yowonjezera. Aphunzitsi amene amakuyang'anirani nawonso ataya pepala limene amafuna kusindikiza, poti magazini ambiri a sayansi masiku ano amafunsa kuti manambala oyambirira aja ali kuti.

Ndiye pali chikhulupiriro ichi chakuti anyamata a ku IT abweza. Kale, pamene malaputopu anali ndi hard disk ya mbale yozungulira, nthawi zambiri tinkabwezadi, chifukwa fayilo yofufutidwa inkakhalabe pa mbalepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi SSD, chosungira mafayilo chopanda mbale yozungulira, ndipo SSD ikauzidwa kuti fayilo yafufutidwa imasesa malowo yokha posakhalitsa, mwa lamulo lotchedwa TRIM. Pofika kwa ine pamakhala palibe chotola. Fulashi nayo sinapangidwire kusunga chuma. Imasunga zinthu ngati timphamvu ta magetsi m'tizipinda ting'onoting'ono timene timatopa tikalembedwalembedwa, ndipo kungoizula ikadalemba, ndandanda yonse yosonyeza pamene fayilo iliyonse ili imatha kusokonekera. Fulashi ndi wamtengatenga chabe, wonyamula katundu kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa iyo. Komabe ndaona wophunzira wa digiri yachiwiri akutsegula ntchito yake pa fulashi pomwepo, kuilemba pomwepo, chaka chathunthu, kenako n'kuilowetsa m'kompyuta ya posindikizira mapepala imene yalandira mafulashi a sukulu yonse.

Musaganize kuti ndikunena ophunzira okha. Aphunzitsi akuluakulu ndiye ovuta kuposa. "Ine ndimadzitumizira pa imelo." Chabwino bwana, munadzitumizira liti komaliza? Tikayang'ana timapeza inali miyezi isanu yapitayo, ndipo muli mafayilo anayi: lomaliza, lomaliza2, lomaliza lenileni, ndi lomaliza lokonza. Mwini wake sakudziwa kuti lenileni ndi liti. Ena amati zithunzi za kafukufuku zili pa WhatsApp, osadziwa kuti chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse pamenepo chimafinyidwa, ndipo tizinthu ting'onoting'ono timene mumafuna kuwerenga pa tsamba kapena pa khungu la wodwala tafufutika. Chizolowezi chimenechi chinayamba nthawi imene intaneti inali yosowa, ndikumva. Koma nthawi imeneyo inapita, ndipo ndatopa kumva munthu amene amaonera mpira pa foni akunena kuti kukweza fayilo ya manambala kumadya bandulo.

Mtsikana wina amene ankafufuza za kasungidwe ka zokolola anandifotokozera zimene zinamuchitikira. Anajambula macheza ake onse ndi alimi pa foni, foniyo n'kugwera m'madzi asanakopere kalikonse. Patatha miyezi inayi anabwerera kukayambiranso. Mlimi wina wachikulire atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakutha m'mbali, mmene amalembamo tsiku lobzala ndi matumba amene wakolola chaka chilichonse. Anamuuza kuti kope lina lofanana nalo limakhala kwa mwana wake, chifukwa chaka china denga linadontha n'kunyowetsa loyambalo. "Ndikuyankhani ndithu mwananga," anatero, "koma tsiku lija ndinali nditangokolola kumene, zonse zinali m'maso. Lero ndikuuzani za m'kukumbukira." Mtsikanayo anati atayerekeza ndi timanotsi take tochepa timene tinatsala, mayankho achiwiriwo anasiyanadi ndi oyamba.

Pali gulu lina limene limandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa iwo anayesa. Anayatsa Google Drive kapena OneDrive pa laputopu n'kumagona tulo tabwino. Dziwani kuti mapulogalamu amenewa ali ngati galasi: chimene chachitika pa laputopu chimachitikanso pa intanetipo. Mukafufuta foda mwangozi, imafufutika konse. Vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo ikalowa, mafayilo otsekedwawo ndi amene amakwera. Chokupulumutsani mukafufuta ndi bini, koma nayo ili ndi malire: Google Drive imasunga zotayidwa masiku 30, OneDrive ya akaunti ya sukulu masiku 93. Wina anazindikira kuti foda ya chaka choyamba kulibe pamene ankalemba chaputala chachinayi, masiku amenewo atadutsa kalekale. Ndiponso akaunti ya sukulu si yanu mpaka muyaya. Mukamaliza maphunziro, mayunivesite ambiri amaitseka pakapita nthawi, ndi zonse zili m'katimo.

Zochita zake si zambiri, ndipo ndazinena kambirimbiri pa maphunziro a ku laibulale amene simubwerako. Khalani ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kumene mumagona. Ndilo lamulo limene amalitcha 3-2-1. Kunena mwachidule: laputopu, malo a pa intaneti a sukulu, ndi hard disk yapadera imene mumakoperapo Lachisanu lililonse n'kuizula. Isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, wakuba satenga theka. Zotolera zoyambirira ziikeni mu foda yakeyake tsiku lomwelo ndipo musazikhudzenso, muzigwirira ntchito pa kope. Dzina la fayilo liyambe ndi deti, chaka kutsogolo, mwezi, kenako tsiku, kuti mafayilo azindandalika okha. Ngati mukufunsa anthu mafunso, gwiritsani ntchito KoboToolbox kapena ODK, zimene zimasunga mayankho pa foni kopanda netiweki n'kuwatumiza ku seva mukangoipeza. Zokhala ndi mayina a anthu kapena za matenda awo musaziponye pa akaunti yanu ya Gmail. Funsani kaye malo amene komiti inavomereza, ndipo diski muitseke ndi BitLocker kapena VeraCrypt, pasiwedi yake muisunge pabwino chifukwa ikatayika ngakhale ine sindingatsegule. Kamodzi pa mwezi tsegulani fayilo imodzi ya pa diski ija muone ngati ikutsegukadi.

Ntchito ikatha, ipititseni ku nkhokwe ya zofufuza ya yunivesite, imene m'malo ambiri imayendera pulogalamu ya DSpace, kapena ku Zenodo, nkhokwe ya pa intaneti imene bungwe la sayansi la ku Ulaya la CERN linatsegula mu 2013. Ku Zenodo kusunga n'kwaulere, amalola mpaka 50 GB pa ntchito imodzi, ndipo amakupatsani nambala ya DOI yoti ena azitchula akagwiritsa ntchito zanu.

Amene simudziwa kuyatsa malo anu a pa intaneti, bwerani ku ofesi ndi laputopu yanu ikadayaka, n'zotenga mphindi khumi. Amene yanu yafa kale, musaiyatseyatse ndipo musaikemo pulogalamu iliyonse yobwezera mafayilo imene mnzanu wakupatsani. Izimitseni, mubwere nayo mmene ilili.