Musanagule bwalo la ndege la mu simulator

Zithunzi zotsatsira malonda zimakhala zokongola nthawi zonse, makamaka zija amajambula dzuwa likulowa. Musakopeke nazo. Musanalipire bwalo loti muike mu Microsoft Flight Simulator kapena X-Plane (mapulogalamu a pa kompyuta oyeserera kuyendetsa ndege), pezani tchati chenicheni cha bwalolo, mufanizire ndi zomwe wogulitsa akuonetsa.

Yambani ndi manambala a runway, msewu womwe ndege imanyamukirapo ndi kuterapo. Manambalawa amatsatira kampasi, ndipo popeza maginito a dziko amasuntha pang'onopang'ono, nawonso amasinthidwa. Pa bwalo la ndege la Tampa ku America mu 2011, runway 18R/36L inasanduka 19R/1L. Bwalo lopangidwa potengera zithunzi zakale limabwera ndi manambala akale, ndiye ATC (owongolera ndege pa wailesi) akukuuzani zina, pansi palembedwa zina. Chimodzimodzinso zikwangwani za taxiway (tinjira tomwe ndege imadutsa popita ku runway) ndi manambala a ma gate (malo okwerera ndege).

ILS (njira ya wailesi yotsogolera ndege potera) nayo muiyese. Ikapanda kugwirizana ndi deta ya AIRAC (deta ya njira ndi mabwalo a ndege), yomwe imasinthidwa masiku 28 aliwonse, ndege imatera pambali pa mzere wapakati, mwinanso pa udzu.

Mipando ndi masitolo a m'kati mwa terminal (nyumba ya okwera ndege), kunena zoona, zimangodya ma FPS (kuchuluka kwa zithunzi zomwe kompyuta imaonetsa pa sekondi). Muli mu cockpit, momwe mumakhala woyendetsa ndege, simuziona n'komwe. Chofunika kuona ndi tsiku lomwe wopangayo anakonza bwalolo komaliza, komanso ngati likugwira pa simulator yomwe muli nayoyo.