Mmene mungapimire app ya zaumoyo musanayambe kuidalira

Nyenyezi zisanu pa Google Play kapena pa App Store zimangosonyeza kuti anthu anaikonda app, osati kuti manambala amene imatulutsa ndi oona. Panali app yotchedwa Instant Blood Pressure, imene inkati imapima BP munthu akangoika foni pachifuwa, chala pa kamera. Anthu oposa 100,000 anaigula. Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaiyerekeza ndi makina enieni a BP, n'kupeza kuti pa maulendo asanu alionse amene BP inali yokwera, pafupifupi anayi app inkanena kuti zonse zili bwino. Oigula ambiri ankaiyamikira, ndipo n'zosadabwitsa. Ndani angadandaule ndi makina omuuza kuti alibe vuto?

Choncho funso loyamba lisakhale la nyenyezi. Dzifunseni kuti app imeneyi ikalakwitsa, chingakuchitikireni n'chiyani. Yowerenga masitepe ikaphonya masitepe 300, palibe amene wavulala. Yowerengera mlingo wa insulini, youza mayi masiku amene sangatenge mimba, kapena yoyang'ana chithunzi cha kadontho ka pakhungu n'kunena ngati ndi khansa, ikaphonya ndiye kuti moyo wa munthu uli pachiswe. Ya mtundu woyambawo mphindi zisanu zikukwanirani kuiona. Ya mtundu wachiwiri imafuna zonse zimene zili m'munsimu, ndiponso kuti dokotala kapena namwino amene amakuonani adziwe kuti mukuigwiritsa ntchito.

App imene imapeza matenda kapena kuwerengera mankhwala, maiko ambiri amaiona ngati chipangizo cha chipatala. Ku Ulaya iyenera kukhala ndi chizindikiro cha CE chosonyeza kuti yakwaniritsa malamulo a kumeneko, ku America imadutsa ku FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya, monga inachitira app ya kulera ya Natural Cycles mu 2018. Ku Germany, kuyambira 2020, bungwe la boma loona za mankhwala la BfArM lili ndi kaundula wa ma app amene dokotala angalembere wodwala ngati mmene amalembera mankhwala. Chenjerani ndi mawu akuti "FDA registered": amangotanthauza kuti kampani inalembetsa dzina, osati kuti app inapimidwa. Kenaka tsikani mpaka pansi pa tsamba lofotokoza app. Ngati pamwamba akulonjeza kupima matenda koma pansi alemba timalemba ting'onoting'ono toti app ndi yongosangalatsa, khulupirirani timalembato.

Pa tsamba lomwelo onani dzina la amene anaipanga, ngati ali ndi adiresi ndi webusaiti yogwira ntchito, komanso tsiku limene anaikonza komaliza. Malangizo a zamankhwala amasintha, ndiye app imene yatha zaka ziwiri osakhudzidwa ikhoza kukhala ikuphunzitsa zakale. Ikamati "madokotala amavomereza" osatchula kuti madokotala ati, kapena "kafukufuku wasonyeza" osanena kuti wa ndani, muione ngati sinanene kanthu.

Tsopano ntchito yeniyeni. App imapimidwa monga mupimira sikelo: mumaikapo chinthu chimene mukudziwa kale kulemera kwake. Ya BMI, muyeso wofananiza kulemera ndi kutalika kwa munthu, ipatseni makilogalamu 70 ndi msinkhu wa mamita 1.75, yankho likhale 22.9. Yowerengera tsiku lochira la mayi woyembekezera iuzeni kuti msambo womaliza unayamba pa 1 January 2026. Iyenera kuwonjezera masiku 280 n'kutchula 8 October. Ya kugunda kwa mtima, gwirani mtsempha wa padzanja, muwerenge kwa masekondi 60 athunthu, mufananize, ndipo mubwereze katatu: mutakhala pansi, mutangoyenda mofulumira, ndiponso mutapuma. Zambiri zimachita bwino munthu ali phee, n'kusochera mtima ukathamanga.

Ikapambana pa manambala abwino, ipatseni oipa mwadala, chifukwa apa ndi pamene zambiri zimagwera. Shuga wa m'magazi amapimidwa m'njira ziwiri, mmol/L ndi mg/dL, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi 18: 7 mmol/L ndi 126 mg/dL. Lembani 126 pamalo ofuna mmol/L. App yabwino ikana, kapena ikufunsani ngati simunasokoneze. Yoipa ingolandira n'kuwerengera insulini wochuluka moti angaphe munthu. Lembaninso shuga wotsika, monga 3.0 mmol/L. Yankho loyenera ndi chenjezo loti munthu adye kapena amwe chotsekemera msanga, osati mlingo wa jakisoni. Siyani malo ena opanda kanthu, lembani chilembo pamalo a nambala, ikani chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho (.). Izi si zongopeka: mu 2015 ofufuza a ku Imperial College London anapima ma app 46 owerengera insulini, ndipo imodzi yokha ndi imene sanaipeze ndi vuto. Pochita zonsezi musabaye kapena kumwa mankhwala potsatira zimene app yanena, mukungoiyesa.

App youza munthu matenda kuchokera pa zizindikiro iyeseni ndi nkhani imene yankho lake n'losakayikitsa. Lembani kuti ndinu bambo wa zaka 55, chifuwa chikupweteka ngati chapanikizidwa, ululu ukutsikira kumkono wamanzere, thukuta lili kamukamu. Iyenera kunena nthawi yomweyo kuti thamangirani kuchipatala. Ikayamba kukufunsani mafunso 20 kapena kukuuzani kuti mulipire kaye, ichotseni. Ngakhale zabwino zomwe musazitenge ngati dokotala: kafukufuku wa mu magazini ya zachipatala ya BMJ wa 2015 anapima zida 23 zoterezi, ndipo matenda olondola ankakhala poyamba pa mndandanda pa maulendo 34 okha mwa 100. Ya za matenda a maganizo ilembereni mawu osonyeza kuti munthu akufuna kudzipha, muone ngati ikupereka nambala ya thandizo ya dziko limene muli, komanso ngati nambalayo ndi yoona. Ena amangokopera nambala ya dziko lina.

Yokumbutsa kumwa mankhwala ili ndi msampha wake. Tcherani chikumbutso cha mphindi 10 zikubwerazi, muzime intaneti, mutseke app, muyatse njira yosungira batire. Kenaka yesaninso mutazimitsa foni n'kuiyatsa. Mafoni ambiri a Android amagonetsa ma app amene sakuonekera pofuna kusunga batire, ndipo chikumbutso chimafa mwakachetechete. Ngati sichinalire, pitani ku Settings muichotse app pa gulu la zogonetsedwa, muyesenso.

Za chinsinsi anthu amazidumpha, koma mbiri ya msambo, ya HIV kapena ya matenda a maganizo ikatuluka sibwerera. Onani zilolezo zimene app ikupempha: yokumbutsa mankhwala ilibe chifukwa chofunira manambala a anzanu kapena malo amene muli. Gawo la Data safety pa Google Play, limene linayamba mu 2022, amalemba ndi eni app okha, ndiye liwerengeni ngati lonjezo chabe. Mu 2021 bungwe loteteza ogula la FTC ku America linagwirizana ndi eni app ya msambo ya Flo pa mlandu woti ankapereka nkhani za ogwiritsa ntchito ku Facebook ndi Google atalonjeza kuti sadzatero. M'chikalata cha zachinsinsi funafunani pamene akutchula otsatsa malonda ndi makampani ena, ndiponso njira yofufutira akaunti. Kuchotsa app pafoni sikufufuta zimene zili kale pa makompyuta a kampani.

Azaumoyo amene akufuna kusankhira odwala app angagwiritse ntchito MARS, muyeso umene unatuluka mu 2015 ku Queensland University of Technology ku Australia. Uli ndi mafunso 23, lililonse magiredi 1 mpaka 5, okhudza kukopa kwa app, kagwiridwe ntchito, maonekedwe, kulondola kwa uthenga ndi mmene wopimayo waionera. Anthu awiri apime aliyense payekha, kenaka afananize. Ndi bwino kuti magiredi a uthenga aziwaona paokha, chifukwa mukawaphatikiza onse, app yokongola koma yonama imatha kukwera pamwamba. Za chinsinsi muzipimenso padera, poti magiredi a MARS sazikhudza.

Manambala amene munayesera aja alembeni penapake. App ikakonzedwanso, kawerengedwe kake kakhoza kusintha popanda kukuuzani, ndiye mukaona kuti yalandira zatsopano, ilowetseninso 70 ndi 1.75, 126 ndi 3.0, musanaipatse manambala anu enieni.