Mbozi ya chimanga: yambani ndi mchenga ndi phulusa

Alimi anzanga a kuno ku Lilongwe, mukaona masamba a chimanga ali ndi timabowo, pamtima pali zitosi zonga utuchi, dziwani kuti mbozi ija ya fall armyworm, imene inatisautsa kwambiri mu 2017, yalowa m'munda. Musathamangire kutawuni kukagula mankhwala. Ine kumunda kwanga ku Mitundu ndimachita chonchi, ndipo ndalama zimatsala m'thumba.

Chimanga chikangomera, yendani m'munda kawiri pa sabata, mamawa mame asanaume. Tembenuzani masamba. Mazira ake amaunjikana malo amodzi, okutidwa ndi tiubweya totuwa, ingowaphwanyani ndi chala. Mbozi yake muidziwa ndi chizindikiro cha Y yozondoka pamutu. Alangizi ndi akatswiri a ku Bunda amalimbikira kuyendera munda kumeneku, ndipo akunena zoona, pakuti mbozi ikakula imavuta kupha.

Kenako sefani mchenga wouma, musakanize ndi phulusa pang'ono, mutape ndi zala zitatu n'kuthira pamtima pa phesi lililonse logwidwa. Masana mbozi imabisala mmenemo, momwe mankhwala opopera safika bwino. Mchenga umaikanda khungu, phulusa n'kuiumitsa. Koma phulusa lisachuluke, limawaula masamba anthete. Ndinawaulapo mizere iwiri chaka changa choyamba, mtima unandipweteka.

Mukaphika usipa, msuzi wotsala muwaze pa chimanga chogwidwacho. Nyerere zimatsata fungo n'kukadya timbozi tating'onoting'ono. Mvula yamphamvu ikagwa, bwerezani kuthira mchenga.