Yesani kufotokoza kafukufuku wanu m'mphindi zitatu

Amene mwakhalako pa misonkhano ya akatswiri a maphunziro mukudziwa zimene zimachitika. Wolankhula wapatsidwa mphindi 15, wathera 10 pa chiyambi cha vuto ndi mayina a amene analembapo kale, ndiye wapampando akamamuonetsa kapepala koti nthawi yatha, m'pamene akuyamba kunena zimene anapeza. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa thukuta la zaka zingapo limatayika pomwepo.

Ena anapeza njira yothana nalo vutoli. Mu 2003 ku Tokyo, Astrid Klein ndi Mark Dytham, akatswiri ojambula mapulani a nyumba, anayambitsa PechaKucha: masilaidi 20 osintha okha, iliyonse masekondi 20, zonse pamodzi mphindi 6 ndi masekondi 40. Silaidi ikachoka yachoka, simungaiitanenso. Mu 2008, University of Queensland ku Australia inayambitsa mpikisano wa Three Minute Thesis, pomwe wophunzira wa PhD amapatsidwa mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yosasuntha, n'kumafotokozera anthu amene si a phunziro lake. Akapyola nthawiyo, watuluka mu mpikisano.

Malangizo anga ndi akuti, ngakhale akupatseni mphindi 15, yambani mwakonza za mphindi zitatu. Lembani chiganizo chimodzi chonena zimene mwapeza, mukawauze azakhali anu kapena mnzanu wa phunziro lina. Akakufunsani kuti "ndiye kuti chiyani?", simunafike. Akamvetsa, chiganizocho chikhale choyamba kutuluka pakamwa panu pa msonkhano. Za njira imene munatsata nenani mwachidule, ofuna zambiri adzafunsa okha nthawi ya mafunso.

Poyeserera musawerenge chamumtima, kumanamiza. Imirirani, lankhulani mokweza, wotchi ya pafoni ikuyenda, ndipo bwerezani kangapo. Nthawi ikakutherani, chotsani mfundo yathunthu. Kufulumiza pakamwa sikuthandiza, kumangowasiya m'mbuyo omvera. Pa silaidi ikani chithunzi kapena galafu imodzi yooneka kwa wokhala kumbuyo, osati tebulo lodzaza manambala.

Inu okonza misonkhano, auzeni olankhula za malire a nthawi pa kalata yowaitanira, ikani wotchi poti aliyense aione, ndipo belu lilire chimodzimodzi kwa wophunzira ndi kwa pulofesa. Mphindi zimene zatsala muzipereke ku mafunso.