Chiwindi chimachira, koma mowa muyenera kuusiyiratu

Funso lomwe amayi amandifunsa kawirikawiri ndikamayendera mabanja ndi ili: "Bambo a kunyumba kuno madokotala akuti chiwindi chawo chawonongeka ndi kachasu. Kodi angachire?" Yankho limatengera pomwe matendawo afika.

Chiwindi chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo kwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Mowa wambiri womwe munthu wamwa umakasukidwa m'menemo. Mukamachipanikiza tsiku ndi tsiku, choyamba chimadzaza mafuta. Apa nthawi zambiri munthu samva kuwawa kulikonse, n'chifukwa chake ambiri sadziwa. Akasiya kumwa kwa masabata 2 mpaka 6, mafutawo amayamba kuchoka ndipo chiwindi chimatha kubwerera mwakale. Akapitiriza, chimatupa, maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chilakolako cha chakudya chimatha. Kutupaku kumatha kupha. Pamapeto pake pamabwera zipsera, zomwe kuchipatala amati cirrhosis, ndipo chiwindi chimauma n'kukwinyika. Zipsera zikakhwima sizichoka. Koma musataye mtima: mbali yomwe yatsala imagwirabe ntchito, ndipo wosiyiratu mowa amakhala zaka zambiri kuposa wopitiriza.

Ndanena kuti kusiyiratu. Anthu ena amati asiya kachasu koma akumwa Chibuku kapena masese poti "ndi chakudya". Chiwindi sichisiyanitsa. Mowa ndi mowa, kaya wa m'botolo, kaya wa m'chipanda pa maliro.

Pali chinthu chimodzi chomwe mabanja ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Tsiku lina ndinapeza bambo wina atakhala pakhonde m'mamawa, kapu ya tiyi ili m'manja koma theka litatayikira pa thalauza chifukwa cha kunjenjemera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Achibale anali atamutsekera m'nyumba kuti asapite kokamwa, akuganiza kuti ndi matsire chabe. Sanali matsire. Munthu yemwe wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi, thupi limasokonezeka. Kunjenjemera kumayamba pakadutsa maola 6 mpaka 24. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo cha pa tsiku lachitatu ena amayamba kubwebweta n'kumaona zinthu zomwe palibe. Izi zimapha. Munthu wotere mupite naye kuchipatala asanasiye kapena akangoyamba kunjenjemera, kuti akamupatse mankhwala ochepetsa kunjenjemera ndi kusokonezekako pamodzi ndi vitamini B1, yomwe imateteza ubongo. Mukafika musabise kuchuluka kwa mowa womwe amamwa. Adokotala sali pamenepo kuti akuweruzeni.

Akasiya, ntchito yaikulu imatsala kukhitchini. Anthu omwa kwambiri amakhala operewera zakudya m'thupi, ndipo chiwindi sichingadzikonze popanda zomanga thupi. Mupatseni nyemba, mazira, usipa, soya, mkaka ngati ulipo, ndi masamba. Adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo asagone ndi njala. Kaphala ka soya usiku kamathandiza kuti minofu isapitirire kutha. Ngati mimba kapena miyendo yatupa ndi madzi, chepetsani mchere kwambiri, ndipo usipa wouma wothira mchere muziyamba mwaunyika m'madzi. Mtedza ndi chimanga zachuku musamupatse n'komwe, chifukwa chukucho chili ndi poizoni yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi.

Pa nkhani ya mankhwala ndimalankhula mosapita m'mbali. Palibe chakumwa chilichonse chogulitsidwa pamsika kapena pa WhatsApp chomwe "chimatsuka chiwindi". Zitsamba zina zimachiwononga kwambiri, ndipo ndalama zomwe mukanagulira mazira zimangopita pachabe. Panado asamwe mopitirira muyeso womwe adokotala anena, chifukwa wodwala chiwindi amapatsidwa wochepa kuposa anthu ena. Brufen, aspirin ndi diclofenac angayambitse kutaya magazi m'mimba ndi kuwononga impso. Ngati akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, asasiye yekha, koma awauze achipatala za vuto la chiwindili kuti aone chochita.

Pemphaninso kuti amuyeze hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo. Katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho sanabayidwe. Mowa ukakumana ndi kachilomboka, chiwindi chimatha msanga. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, likodzo la m'matumbo nalonso limaumitsa chiwindi, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Akayamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, kugona masana onse n'kumasokonezeka mutu, kapena kutentha thupi mimba ili yotupa, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto kapena njinga yamoto usiku womwewo, ndipo mutenge buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse omwe wakhala akumwa, ngakhale a zitsamba.