Momwe mphunzitsi angapezere ndi kugwiritsa ntchito ndemanga za woyendera kalasi pa foni

Mphunzitsi aliyense wa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kaya ali ku Ulongué, ku Furancungo, ku Tsangano kapena ku Moatize, amalidziwa tsiku limene wachiwiri kwa mkulu wa sukulu woona za kaphunzitsidwe, amene timangowatcha kuti a pedagógico, amalowa m'kalasi n'kukhala kumbuyo ali ndi cholembera m'manja. Ntchito imeneyi, imene pa Chipwitikizi imatchedwa assistência às aulas, si yachilendo. Chimene chikusintha n'chakuti ficha, fomu imene woyendera amalembapo zimene waona, imene kale inkalembedwa pamanja n'kutsekeredwa m'kabati ya mu ofesi tsopano ikhoza kudzazidwa pa foni kapena pa tabuleti, ndipo mphunzitsi akhoza kuiwerenga ali kunyumba kwake.

Tsiku loyenderedwa lisanafike, funsani a pedagógico kapena woyang'anira ZIP yanu (gulu la sukulu zoyandikana) kuti zolembazo zidzasungidwa kuti, chifukwa mapulogalamu a pa foni odzazira ficha sagwira ntchito mofanana. Ena amapatsa mphunzitsi aliyense dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, moti mukalowa mumapeza mndandanda wa masiku amene munayenderedwa. Ena, monga KoboToolbox ndi ODK Collect, anapangidwira wosonkhanitsa uthenga osati woyenderedwayo: fomu imadzazidwa ngakhale kulibe intaneti, imakhala m'foni ya woyenderayo kufikira itatumizidwa, ndipo inuyo simudzaiona pokhapokha wina atakutulutsirani. Choncho ficha yanu ikapanda kuoneka, musafulumire kuganiza kuti akukubisirani. Nthawi zambiri imakhala ikudikira kuti mwini foni afike pamalo pamene netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ikugwira bwino.

Ikangotseguka, isungeni nthawi yomweyo, kaya poikopera ngati PDF kapena pojambula tsamba lililonse, kuti musamawononge mamega nthawi iliyonse imene mukufuna kuiwerenganso. Aphunzitsi a m'malire, monga a ku Calómuè, ayambe aona kuti foni yawo siinalumphire ku netiweki ya ku Malawi, popeza ndalama za m'foni zimatha msanga zikatero. Mawu achinsinsi ndi anu nokha, ndipo ngati munabwereka foni ya mnzanu, tulukani mu akaunti musanaibweze.

Musanawerenge ndemanga, onani zimene zalembedwa pamwamba: tsiku, kalasi, turma (gulu la ana amene mumaphunzitsa), phunziro ndi chiwerengero cha ana amene analipo. Pa foni n'kosavuta kuti chala chigunde dzina lolakwika, ndipo cholakwa chotere chimakonzeka mosavuta m'sabata yomweyo kusiyana ndi kumapeto kwa trimestre (teremu). Onaninso ngati chilankhulo chophunzitsira chatchulidwa. Chigawo chathu chili ndi mbiri pa nkhaniyi, chifukwa kuyesera kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kotchedwa PEBIMO kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 muno m'Tete pa Chinyanja ndiponso ku Gaza pa Chichangana. Mphunzitsi wa kalasi ya zilankhulo ziwiri amene akufotokoza masamu m'Chinyanja sanaphonye njira, ndipo ngati woyendera wamulemba kuti sakugwiritsa ntchito Chipwitikizi mokwanira, malo oyamba kukonza ndi pamwamba pa ficha pomwepo.

Tsopano tafika pamene ambiri timapunthwa. Maso amathamangira ku manambala, ndipo tikaona 2 pamene tinkayembekezera 4, mtima umatentha, zotsalazo sitiziwerenganso. Ine ndimalangiza kuti muyambire pa mawu amene woyendera walemba, nambala ibwere pambuyo. Taganizirani za Teach, chida choyendera makalasi chimene World Bank inatulutsa mu 2019: woyendera amaonerera zigawo ziwiri za mphindi 15 chilichonse, n'kupereka malikisi oyambira pa 1 kufika pa 5. Ngakhale ficha ya pasukulu panu itakhala ya mtundu wina, n'kutenga phunziro lonse la mphindi 45, mfundo yake ndi yomweyo, yakuti nambalayo ikunena za kanthawi kochepa ka tsiku limodzi, osati za uphunzitsi wanu wonse.

M'mawuwo, siyanitsani chimene woyendera anaona ndi chimene anaganiza. Akalemba kuti ana sanatenge nawo mbali, wakupatsani chigamulo chimene simungachigwire paliponse. Koma akalemba kuti mafunso onse anayankhidwa ndi anyamata a mzere wakutsogolo, pamene atsikana a pafupi ndi khomo sanatchulidwe n'kamodzi komwe, wakupatsani chinthu chimene mungachisinthe mawa m'mawa. Lembani m'kope lanu ndemanga za mtundu wachiwiriwu, ndipo za mtundu woyamba muzisandutse mafunso oti mukafunse, monga lakuti: kodi munaona chiyani chimene chinakusonyezani zimenezi, ndipo inali mphindi iti ya phunziro?

Mapulogalamu ena ali ndi malo oyankhira, komanso batani lotsimikizira kuti mwawerenga. Funsani ngati kudina batanilo kukutanthauza kuti mwaona chabe kapena kuti mwavomereza zonse, chifukwa zimenezi n'zosiyana. Musayankhe tsiku lomwelo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso chimene mwalemba m'kompyuta chikhoza kuwerengedwa ndi mkulu wa sukulu ngakhalenso a ku ofesi ya maphunziro ya boma laling'ono, ya SDEJT. Yankho labwino limakhala lalifupi ndiponso laulemu, ndipo limatchula zimene woyendera sakanatha kuziona, monga zakuti mabuku sanakwanire kapena kuti ana ambiri anafika mochedwa chifukwa mtsinje unadzaza, popanda kusandutsa zimenezi chobisalira.

Zolemba za pa foni sizilowa m'malo mwa kukhala pansi n'kukambirana. Pemphani mphindi zochepa kwa amene anakuyenderani, mupite ndi kope lanu lija, ndipo musatuluke musanagwirizane chinthu chimodzi chokha choti musinthe. Ndikunena chimodzi mwadala, chifukwa ficha ikhoza kukhala ndi mizere yambiri, koma munthu amene ali ndi turma yodzaza, mwinanso akuphunzitsa m'mawa ndi masana, akafuna kukonza zonse nthawi imodzi sakonza chilichonse. Ngati nkhani ili ya mafunso, lembani m'plano de aula (chikonzero cha phunziro) mayina a ana asanu a kumbuyo amene mudzawafunse, ndi funso la aliyense, ndipo muchite zimenezi kwa masabata awiri. Ngati nkhani ili ya nthawi yotayika polemba pa bolodi, lembani ntchitoyo ana asanalowe.

Chinthu chimene mwasankhacho mupite nacho ku jornada pedagógica, msonkhano wa aphunzitsi a mu ZIP, kumene mwina mudzapeza mnzanu wa sukulu yoyandikana amene anavutikapo nacho n'kuchigonjetsa. Fotokozani vutolo ndi pakamwa, koma musaponye ficha yonse pagulu la WhatsApp, makamaka ngati muli mayina a ana.

Mukadzayenderedwanso, tsegulani ficha yakale ndi yatsopano pamodzi, n'kuyang'ana mzere umodzi uja musanaone china chilichonse. Ngati woyendera ndi munthu wina, muuzeni phunziro lisanayambe chimene mwakhala mukukonza, kuti achiyang'anitsitse. Ma ficha onse muziwasunga m'foda imodzi, dzina la chilichonse liyambe ndi chaka ndi mwezi, ndipo kumapeto kwa trimestre muzisindikiza papepala kapena kutumiza ku imelo yanu, chifukwa mukasamutsidwira ku sukulu ina akaunti ya pasukulu yakale ikhoza kutsekedwa zolemba zanu zili momwemo.